Kodi Chiyankhulo Chaching'ono Amachiyeza ndi Chiyani?

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Old Town, chakufupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo zambiri zimene ndimadziwa ndinazitola pa wailesi kapena kwa makasitomala akamadikira zovala zawo. Ndiye inu ophunzira mundikhululukire ngati mafunso angawa ali achibwana. Paja safunsa anadya phula.

Kusekondale kumene amaphunzira mdzukulu wanga, mtsikana wa Fomu 3, kunabwera ana asukulu ochokera ku Scotland. Zimenezo pazokha sizodabwitsa. Malawi ndi Scotland anasainirana pangano la ubale mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, ndipo sukulu zambiri za kuno zili ndi inzake kumeneko: amalemberana makalata, mwina n'kuyenderana. Kuli mpaka bungwe loona za ubalewu, Malawi Scotland Partnership, lomwe ofesi yake ili mu Lilongwe momwe muno. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho ine ndinati zili bwino. Chimene chinandiimitsa makina ndi mutu wa ulendowo. Akuti anawo anabwera kudzakambirana ndi anzawo zinthu ziwiri, moyo wa achinyamata ndi ziyankhulo zing'onozing'ono.

"Kodi azungu nawonso ali ndi ziyankhulo za kumudzi?" ndinamufunsa.

"Ee, agogo. Awawa chawo ndi Gaelic."

Anandiwerengera pepala limene anawagawira. Pa kalembera wa 2011, oyankhula Gaelic ku Scotland anapezeka pafupifupi 57,000, m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni. Kwawo kwenikweni kwa chiyankhulochi ndi kuzilumba za kumadzulo ndi kumapiri a kumpoto. Ine ndinawerengera chamumtima. Bingu Stadium ku Area 48 imalowa anthu opitirira pang'ono 40,000, ndiye kuti onsewo mutawaitanira kumpira angadzaze bwalolo kamodzi, otsala panja osakwana n'komwe kulidzazanso. Komatu chiyankhulo chimenechi chili ndi lamulo lakelake, lomwe nyumba yawo ya malamulo inavomereza chaka chomwecho cha 2005. Kuyambira 1985 kuli makalasi a boma kumene mwana amaphunzira masamu ndi zonse m'chiyankhulocho, ndipo mumzinda wa Glasgow muli sukulu yathunthu yotere, mpaka sekondale. Chili ndi wailesi yakanema, BBC Alba, imene inayamba mu 2008.

Atatembenuza pepalalo, kuseri kunali mndandanda umene ana athu analemba wa ziyankhulo zing'onozing'ono za kuno: Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena, Chitonga, Kyangonde, Chilambya. Apa ndiye mutu unandizungulira. Ine ndine Myao wa ku Mangochi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo mwa anthu 100 alionse, 19 anati ndi Alomwe, 13 Ayao, 9 Atumbuka. Ayao tokha tikuposa 2 miliyoni, osawerengera abale athu a ku Mozambique ndi ku Tanzania. N'zoona kuti si Myao aliyense amene amayankhula Chiyao, mdzukulu wangayu ndi mboni. Chabwino, chotsanipo theka ngati mukufuna. Otsalawo akadali miliyoni. Nanga chaching'ono n'chiti pamenepa, cha anthu 57,000 chokhala ndi sukulu ndi TV, kapena cha anthu miliyoni chimene chilibe ngakhale pepala limodzi pa mayeso a MANEB? Amayeza kuchuluka kwa anthu, kapena amayeza china?

Pali aphunzitsi ena opuma pantchito amene amakonda kukhala pabenchi langa masana, n'kumawerenga nyuzipepala ya dzulo. Ndinawatulira nkhaniyi. Anavula magalasi, nati, "A telala, zimenezi zinayambira muno mu Lilongwe."

Anandifotokozera kuti mu 1968, likulu likadali ku Zomba (paja linasamukira kuno mu 1975), chipani cha Malawi Congress Party chinachita msonkhano wake wa pachaka ku Lilongwe. Kumeneko anagwirizana kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chiyankhulo cha fuko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi ndiponso chinkaphunzitsidwa m'sukulu za kumpoto, chinachotsedwa. Mu 1972 kunabwera Chichewa Board yolondera kalembedwe ndi kayankhulidwe. Zinakhala choncho mpaka 1994, pamene Bakili Muluzi anabwezera Chitumbuka pa MBC, ndipo pambuyo pake Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde zinapatsidwa mphindi zowerengera nkhani. Mu Marichi 1996 unduna wa zamaphunziro unalemba kalata yakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo chimene amachimva kwawo. Kalatayo inayenda, koma mabuku a ziyankhulo zinazo sanafike m'makalasi. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo chaka chotsatira unduna unalengeza kuti ziyambire Sitandade 1.

"Ndiye kuti mwana wa ku Makanjira, amene kunyumba amamva Chiyao chokhachokha, tsiku loyamba kusukulu azimulonjera m'Chingerezi?"

"Papepala zili choncho. Koma m'kalasi mphunzitsi amagwiritsa ntchito nzeru zake."

"Nanga ngati mphunzitsiyo ndi wa ku Rumphi?"

"Amayankhula Chichewa."

"Chimene mwanayo sachimva?"

"Amadzachimva."

Sindikufuna kuwanamizira aphunzitsiwo. Anali ndi mfundo. Anati mabuku ndi ndalama, ndipo dziko limene ana ena akuphunzirabe pansi pa mtengo silingasindikize buku la masamu m'ziyankhulo khumi. Anati boma limatumiza mphunzitsi kulikonse, osayang'ana kwawo. Anati kalasi imodzi ya ku Kawale kapena ku Area 25 muli ana a mitundu yonse, ndiye mungasankhe chiyankhulo cha ndani? Ndipo anatsitsa mawu ponena kuti akuluakulu amaopa kuti aliyense akakweza chiyankhulo chake, tsankho likula. Za kalasi ya ku Kawale ndinavomera. Zinazo zinandisiyira mafunso ena. Pa mayeso a MSCE mwana atha kulemba Chifalansa. Kodi Afalansa ali boma liti m'Malawi muno? Ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama, chitsegulire mu 1981 ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ndikumva kuti Chilatini palibe mtundu umene umachiyankhula pakhomo. Ndalama ya chiyankhulo chimene eni ake anatha kalekale inapezeka, ya chiyankhulo cha anthu amoyo, ogulitsa usipa pamsika wa Lilongwe, ndiyo ikusowa? Anzathu a ku Zambia amaphunzitsa ziyankhulo zawo 7 ndi kulembetsa mayeso ake, ndipo mwana wa ku Chipata amalemba Chinyanja pamene wa ku Mongu akulemba Chilozi. Kodi Zambia inagawika? Ku Mozambique, kuyambira 2003, sukulu zina zimayamba ndi chiyankhulo cha pamudzi, ndipo ku Niassa Chiyao chili m'gulu limenelo. Chiyao chomwechi, cha tsidya lina la nyanja yomweyi.

Aphunzitsiwo anati ndikafunse ku Capital Hill. Ine ku Capital Hill ndimangodutsa pa minibasi.

Kumeneko ku City Centre kulinso china chimene sindichimvetsa. Malamulo aakulu a dziko, gawo 26, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene akufuna. Malamulo omwewo, gawo 51, amati wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Nthawi ya kampeni phungu amabwera kwathu n'kupempha voti m'Chiyao chokoma, miyambi ndi nthabwala zomwe. Akalowa m'nyumba ija ya pafupi ndi manda a Kamuzu, amakatiyankhulira m'chiyankhulo chimene amene anamuvotera sachimva. Ndiye timadziwa bwanji kuti akunena zimene tinamutuma?

Mdzukulu wanga anabweranso ndi nkhani ina imene ana a kalasi yake anaiseka, koma ine sindinaone poseketsa. Mphunzitsi wa alendowo anawauza kuti lamulo la maphunziro la ku Scotland la 1872 silinapereke malo kwa Gaelic, ndipo kwa zaka zambiri ana ogwidwa akuyankhula chiyankhulo cha makolo awo pasukulu ankakwapulidwa, ena n'kuwakoloweka kamtengo m'khosi. Anafotokoza ngati nkhani yochititsa manyazi ya makedzana. Ana athu anaseka chifukwa m'sukulu zambiri za kuno chilangocho chilipobe: ukagwidwa ukuyankhula Chichewa pabwalo la sukulu umapatsidwa chikwakwa kukatchetcha, kapena umakolopa khonde. Tsono ndithandizeni. Anzathuwa anathira zaka zambiri akuchotsa chiyankhulo m'kamwa mwa ana ndi chikoti, lero akuthira ndalama zankhaninkhani kuchibwezeramo. Ife tawaona, atiuza okha pamaso. Kodi tiyenera kumaliza kaye kukwapulako, kuti nafenso tidzayambe kulipira?

Chikhala kuti alendowo ankafunadi kumva ziyankhulo, akanangowabweretsa pakhonde pangapa m'mawa umodzi. Mwini sitolo amayankhula Chigujarati ndi mchimwene wake, n'kutembenuka kukalipira anyamata otsitsa katundu m'Chichewa. Lachisanu tikamatuluka mumzikiti kumamveka "Ali uli?" "Ndili chenene." Ku depoti, pamene pamaima basi za ku Mzuzu ndi ku Karonga, ndi "Monire, muli uli?" ndipo amayi a zitenje ochokera kumalire a Songwe amawerengerana ndalama m'Chiswahili. Zonsezi munthu atha kuzimva asanamalize chipisi cha pachiwaya. Koma alendowo anawatengera kukaona nyama, kunyanja ku Salima, ndi kukaonera magule. Kumsika sanawadutsitse, akuti kuli akuba.

Magulewo sindikuwanyoza. Gule Wamkulu ndi Vimbuza analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa mu 2014. Chaka chilichonse anthu amakhamukira kwa Chonde ku Mulanje, ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, Angoni nawo ku Hora ndi ku Ntcheu, zikopa ndi nthenga zili mbwee. Koma ambiri mwa Alomwe a lero Chilomwe sachiyankhula, Angoni a ku Ntcheu amayankhula Chichewa, a ku Mzimba Chitumbuka. N'chifukwa chiyani gule timamusunga, mawu a nyimbo yake n'kuwataya? Kapena n'chifukwa chakuti gule amajambulika?

Nthawi zina ndimaitanidwa ku ma Area a mipanda, 10, 12, 43, kukayeza makatani kapena yunifolomu ya ana. Kumeneko ukagogoda pageti amayamba kuyankha ndi galu, kenaka mlonda n'kusuzumira pakabowo. Nyumba ina ndinkayeza kamnyamata ka zaka ngati 12. Ndinati, "Tambasula manja, mwanawe." Kanangondiyang'ana. Ndinabwereza, osatheka. Mayi ake, a Chichewa chosalala cha ku Dedza, anaseka nati, "Pepani abambo, ameneyu Chichewa samva." M'mawu awo munalibe dandaulo, munali kunyadira. Amene anatimasulira ndi mtsikana wantchito wa kwa Kauma, atanyamula mopu m'manja. Pobwerera ndinkadzifunsa: m'nyumba imene ija Chichewa chimamveka kukhitchini, pageti ndi kumaluwa basi. Ndiye ku Area 43 Chichewa nachonso n'chaching'ono? Bwanji ana aja sanachilembe pa mndandanda wawo?

Za moyo wa achinyamata, zikuoneka kuti ndi pamene anawo anamasuka. Alendowo anadabwa kumva kuti mdzukulu wanga amadzuka kusanache, kusesa, kutereka madzi, ndipo mpopi ukauma amakatunga kwina asanavale yunifolomu. Kuti ena m'kalasi mwake amalowa m'mawa ena masana chifukwa zipinda n'zochepa. Kuti akaweruka amapitanso ku part time, makolo n'kulipiranso. Athuwa anadabwa kumva kuti ku Scotland aliyense wosakwana zaka 22 amakwera basi ulere kuyambira 2022, kuti wa zaka 16 amavota posankha aphungu a nyumba yawo ya malamulo, ndi kuti nyengo yozizira kumada 4 koloko isanakwane. Za basi yaulere mdzukulu wanga anazibwereza kangapo, akundiyang'ana ine amene ndimamupatsa ya kabaza. Zotsalazo zinali zofanana: foni, TikTok, mpira wa ku England, makolo ovuta, mayeso, ndi nkhani za zibwenzi zimene sanandiuze.

Koma pali chimodzi chimene anangochitchula podutsa, ine n'kuchigwira. Akuti ana a Gaelic aja m'kalasi amayankhula Gaelic, koma belu likalira, pabwalo ndi pa foni amacheza m'Chingerezi. Athuwa ndi mosemphana: m'kalasi Chingerezi, belu likalira Chichewa. Ndiye chiyankhulo chimasungidwa kuti, m'kalasi kapena pabwalo? Ngati ndi pabwalo, mwina ife tili bwino kuposa iwo, ndipo amafunika kudzaphunzira ndi iwowo. Ngati ndi m'kalasi, ndiye kuti ife tikungodya za m'nkhokwe osalima. Ndipo Chichewa cha pabwalocho si chimene chili m'buku. Ndimawamva akamadutsa apa: "Bho, aise?" "Zikuyenda, ada." Wina ndi dolo, wina ndi mfana, a ku Area 10 ndi ana a dadi. Akuti ophunzira anachipatsa dzina, Chibrazi. Chimatola mawu m'Chingerezi, m'Chitumbuka, m'ziyankhulo za ku Joni, paliponse. Chilibe lamulo, chilibe buku, chilibe nduna, aphunzitsi amachiletsa, koma chikukula tsiku ndi tsiku. Amachithirira ndani?

Ndinafunsanso kuti zokambirana zonsezi, za kukoma kwa ziyankhulo zing'onozing'ono, zinachitika m'chiyankhulo chanji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "M'Chingerezi, agogo. Nanga tikanamvana bwanji?" Chabwino. Nanga mlendo mmodzi yekha anapita kwawo atadziwa chiyani? Akuti "Muli bwanji" ndi "Zikomo". Athuwa anatsala ndi moni mmodzi wa Gaelic amene pofika Lolemba anali atamuiwala.

Paja amati n'kuyenderana. Alendo anabwera gulu, ndi aphunzitsi awo. Athu opita kumeneko adzakhala ochepa, ngati n'komwe apite, chifukwa pafunika pasipoti, tikiti ya ndege, ndi visa, ndipo za visa ngakhale anzathu a bungwe la kumeneko la Scotland Malawi Partnership akhala akudandaula kwa boma la Britain kuti Amalawi oitanidwa bwinobwino amavutitsidwa. Tsono ine ndimati, poti ndege njodula, bwanji osayamba ndi pafupi? Mtandire ndi Area 47 n'zoyandikana, koma mwana wa uku ndi wa uko atha kumaliza Fomu 4 asanakhalepo pa desiki imodzi. Bwanji sukulu ya kumipanda ndi CDSS ya kwa Chinsapo osasinthana ana kwa sabata, wina akaphunzire kutambasula manja akauzidwa, wina akaone laibulale? Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, ulendo wa ola limodzi kuchokera pano, kuli achinyamata oyankhula Chiswahili, Kirundi, Kinyarwanda ndi Chifalansa chimene athuwa amachivutikira pa MSCE. Ku Chitipa boma limodzi muli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga ndi zina, ndipo mwana wa kumeneko amafika Fomu 1 akuyankhula ziyankhulo zitatu kapena zinayi popanda womuombera m'manja. Basi ya ku Chitipa imanyamukira ku depoti komweku, sifuna visa.

Aphunzitsi a pabenchi aja anati maulendo otere alibe wopereka thandizo. Ndinafunsa ngati n'chifukwa chakuti ndi odula. Anati ayi, n'chifukwa chakuti palibe amene anawapempha.

Pakali pano kunyumba kwabuka mlandu. Ana amene angasankhidwe kupita ku Scotland auzidwa kuti akonzekere kukaonetsa chiyankhulo cha makolo awo. Mdzukulu wangayu bambo ake ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, mayi ake ndi mwana wanga, Myao amene anakulira ku Mchesi. Awiriwo anafunsirana m'Chichewa, mwana anamulera m'Chichewa, sukulu ikumuyesa m'Chingerezi. Chiyankhulo cha makolo ake n'chiti? Apongozi anga akuti Chitumbuka, poti kwawo mwana ndi wa kuchimuna. Ife kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwiniwake akuti Chichewa sichingamupambanitse chifukwa aliyense m'kalasi ali nacho, ndiye wasankha Chiyao, poti ine ndili pafupi ndipo sindifuna mayunitsi.

Amabwera akaweruka, n'kukhala pabenchi, kuyatsa foni kuti ijambule mawu. Ndimamuuza moni, mayina a nsomba za ku Malombe, kawerengedwe, mmene mwana amayankhira akaitanidwa ndi wamkulu. Lilime lake n'lolemera koma khutu lili bwino. Vuto linabuka pamene anatulutsa kope nati, "Agogo, mawu amenewa amalembedwa bwanji?" Ine ku madrasa ndinaphunzira zilembo za Chiarabu, kupulaimale za Chichewa. Chiyao palibe anandiphunzitsapo kuchilemba. Aphunzitsi aja analowererapo nati kalembedwe kalipo: mmishonale wa ku Scotland komweko, Alexander Hetherwick, anasindikiza buku lophunzitsa Chiyao mu 1889, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, anakonza malamulo a kalembedwe kake. Ndiye kuti Chiyao chakhala m'mabuku zaka zoposa 130. Nanga mabukuwo ali kuti, kuti mwana wa Fomu 3 mu likulu la dziko asaonepo ngakhale chikuto chake? Tikawafunse ku Zomba, ku Lichinga ku Mozambique, kapena mwanayu akakafika ku Scotland akatibwerekere komweko?